Kuwerenga Malinga a ku India: Mafumu a Rajput ndi a Mughal

Tsegulani mapu a India, ana inu, ndipo muike chala pa Delhi. Tsikani nacho chakumwera motsata mtsinje wa Yamuna makilomita opitirira 200, mufika pa Agra. Kuchoka pamenepo lowerani kumadzulo mtunda wonga womwewo, mupeza Jaipur. Mizinda itatu imeneyi ndiyo imene alendo ambiri amayendera akapita kukaona zakale za dzikoli. Koma chala chisaime pa Jaipur. Pitirizani kumadzulo: mudutsa mapiri a Aravalli, kenako nthaka iyamba kuuma mpaka mulowe m'chipululu cha Thar, kufupi ndi malire a Pakistan. Chigawo chonsechi ndi Rajasthan, kwawo kwa mafumu a Rajput.

Ambiri opita kumeneko amabwerako atagawa zimene aona pawiri. Amati malinga a pamwamba pa mapiri ndi akachisi ndi za Ahindu, pomwe manda a madenga obulungira ndi mizikiti ndi za Asilamu, basi nkhani yathera pomwepo. Kugawa kotere n'kosavuta kuloweza, koma miyala yeniyeniyo sikuvomereza. Lero ndikufuna muphunzire kuyang'ana nyumba yakale n'kuifunsa mafunso, chifukwa chipata, dziwe ndi zenera zimanena zambiri za anthu amene anazimanga.

Tiyambe ndi eni ake. A Rajput sanali ufumu umodzi ayi. Anali mabanja a mafumu ankhondo, lililonse ndi dziko lake: a Sisodia ku Mewar, a Rathore ku Marwar kumene kuli Jodhpur, a Kachhwaha ku Amber, a Bhati ku Jaisalmer. Ankapembedza milungu ya Chihindu, ndipo nthawi zambiri ankathirana nkhondo okhaokha. A Mughal anali obwera. Babur anabadwira ku Fergana, dera limene lero lili ku Uzbekistan, nakhazikika ku Kabul. Mu 1526 anagonjetsa mfumu ya Delhi, Ibrahim Lodi, pa Panipat. Chaka chotsatira anakumana pa Khanwa ndi Rana Sanga wa ku Mewar, amene anasonkhanitsa mafumu ambiri a Rajput. Babur anali ndi mizinga ndi mfuti, ndipo anapambana. Kuyambira pamenepo mfumu iliyonse ya ku Rajasthan inayenera kusankha: kumenyana ndi alendowa kapena kugwirana nawo chanza. Malinga awiri, Chittorgarh ndi Amber, akutionetsa njira ziwirizi.

Chittorgarh, linga la mafumu a ku Mewar, lili paphiri lathyathyathya pamwamba, lotalika mamita pafupifupi 180, ndipo malo a mkati mwa mpanda ndi mahekitala pafupifupi 280. Linga lotere silinali nyumba ya asilikali okha. Unali mzinda wathunthu, wa misika, minda, akachisi ndi nyumba za anthu wamba. Funso loyamba loti mufunse mukafika pa linga lililonse ndi ili: mdani akalowera pati? Pa Chittorgarh msewu wokwera phiri umakhotakhota, ndipo umadutsa pa zipata zisanu ndi ziwiri. Kukhotako n'kwadala. Masiku amenewo chitseko chankhondo ankachithyola ndi njovu, ndipo njovu imafuna mtunda wowongoka kuti ithamange n'kugunda ndi mphamvu. Msewu ukakhota pafupi ndi chipata, njovu imafika ilibe liwiro, uku asilikali a pakhoma akuithira mivi ndi miyala. M'malinga ambiri a ku Rajasthan mudzaonanso zisonga zachitsulo zokhomedwa pazitseko, pamsinkhu wa chipumi cha njovu.

Funso lachiwiri ndi la madzi. Linga lolimba chotere kawirikawiri silinkagwa chifukwa chogumulidwa khoma, koma chifukwa cha njala ndi ludzu la anthu ozingidwa miyezi yambiri. Ku Rajasthan mvula imagwa kuyambira chakumapeto kwa Juni mpaka Seputembala, miyezi ina yonseyo kuli gwaa. Choncho omanga Chittorgarh anakumba maiwe, zitsime ndi mathamanda okwana 84 pamwamba pa phirilo, ndipo 22 alipobe. Dziwe lodziwika kwambiri ndi Gaumukh, limene limalandira madzi a kasupe wotuluka m'thanthwe. Mlendo wothamangira kujambula nsanja amadutsa maiwe amenewa osawayang'ana, pomwe moyo wa linga lonse unali mmenemo.

Ndi zonsezi, Chittorgarh linagwa katatu: mu 1303 m'manja mwa Alauddin Khilji wa ku Delhi, mu 1535 m'manja mwa Bahadur Shah wa ku Gujarat, ndi mu 1568 m'manja mwa Akbar, mdzukulu wa Babur. Akbar anazinga phirilo miyezi inayi. Anthu ake anakumba ngalande zofolera kuti afike patsinde pa khoma osalasidwa, nakwiriramo wonga n'kuphulitsa. Oteteza linga ankatsogoleredwa ndi Jaimal ndi Patta, popeza mfumu Udai Singh inali itachoka kale kupita kumapiri. Jaimal ataphedwa, anthu anadziwa kuti zatha. Apa ndi pamene panachitika mwambo wotchedwa jauhar: akazi ndi ana analowa m'moto kuti asagwidwe ukapolo, amuna natsegula zipata kukafera kunkhondo. Olemba mbiri a Akbar yemweyo amati anthu pafupifupi 30,000 anaphedwa linga litagwa, ambiri mwa iwo alimi amene anathawiramo.

Olondolera alendo amakamba za jauhar monyadira, ngati nkhani ya ulemerero. Ine ndimaiphunzitsa ngati nkhani ya maliro. Muziganiza za mwana wamkazi wa msinkhu wanu amene sanafunsidwe maganizo pa nkhondo imeneyo. Ndipo samalani ndi nkhani zina zimene mudzamve kumeneko. Adzakuonetsani nyumba ya m'mbali mwa dziwe n'kukuuzani kuti Alauddin anaona nkhope ya mfumukazi Padmini pagalasi, n'chifukwa chake anathira nkhondo. Nkhani imeneyi inalembedwa koyamba mu 1540 m'ndakatulo ya Malik Muhammad Jayasi, patapita zaka zoposa 200 chigwere linga, ndipo amene analemba za nkhondoyo panthawi yake samutchula Padmini. Wophunzira mbiri amamvetsera nthano mwaulemu, koma amafunsa kuti inayamba liti.

Mewar sinagonje msanga. Udai Singh anali atayamba kale kumanga Udaipur mu 1559, pakati pa mapiri ndi nyanja zokumba, ndipo mwana wake Maharana Pratap anakana kugwadira Akbar mpaka imfa yake. Pratap anabadwira ku Kumbhalgarh, linga limene Rana Kumbha anamanga m'zaka za m'ma 1400, la khoma lotalika makilomita pafupifupi 36. Mtendere unadza mu 1615, pamene mwana wa Pratap anagwirizana ndi Jahangir, mwana wa Akbar, ndipo mfundo ina ya pangano inali yoti makoma a Chittorgarh asamangidwenso.

Tsopano tiyeni ku Amber, makilomita 11 kuchokera ku Jaipur. Kuno anasankha njira ina. Mu 1562 Raja Bharmal anapereka mwana wake wamkazi kuti akwatiwe ndi Akbar, ndipo a Kachhwaha anasanduka apongozi ndi alamu a mfumu yaikulu. Mkazi ameneyu ndiye anabereka Jahangir mu 1569. Jahangir nayenso anakwatira mwana wa mfumu ya ku Jodhpur, amene anabereka Shah Jahan. Werengani bwino pamenepa: mwa agogo anayi a Shah Jahan, munthu amene anamanga Taj Mahal, atatu anali a Rajput. Akbar anathetsa msonkho wa Ahindu opita kumalo opatulika mu 1563, ndipo chaka chotsatira anathetsa jizya, msonkho umene anthu osakhala Asilamu ankapereka. Man Singh wa ku Amber anakhala mmodzi wa akuluakulu ankhondo a Akbar. Pa nkhondo ya Haldighati mu 1576, amene anatsogolera asilikali a Mughal pomenyana ndi Pratap anali Man Singh, Mhindu, pomwe ku mbali ya Pratap kunali Hakim Khan Sur, Msilamu wa mtundu wa Afghan. Mwaona kuti kugawa kuja kwayamba kale kuvuta.

Chuma chimene Man Singh anapeza potumikira Akbar ndicho chinamanga nyumba yachifumu ya Amber kuyambira mu 1592, ndipo odza pambuyo pake anaonjezera. Kunja n'linga la Rajput lenileni: makoma okhuthala okwera ndi kutsika mapiri, nyanja ya Maota kumunsi, kachisi wa mulungu wamkazi Shila Devi pafupi ndi polowera. Koma mukalowa mupeza dongosolo la kubwalo la a Mughal. Pali Diwan-i-Am, bwalo la mizati lopanda makoma kumene mfumu inkamva madandaulo a anthu onse. Mukadutsa chipata cha Ganesh Pol, chimene chili ndi chithunzi cha mulungu wa mutu wa njovu pamwamba pa khomo lomangidwa mwa luso la ku Persia, mufika m'munda wa maluwa wodulidwa bwino ndi timipita ta madzi. Mbali imodzi kuli Sheesh Mahal, chipinda chimene makoma ndi denga lake anamatamo tizidutswa ta magalasi tosawerengeka, kuti nyali imodzi iwalitse ponseponse. Mbali inayo kuli Sukh Niwas, kumene madzi ankayenda m'kangalande pakati pa chipinda kuti mphepo yolowa izizizira. Funso lachitatu ndi limeneli: mfumu inkakhala pati, ndipo ndani ankaloledwa kufika pati? Mukamalowa mkati, zitseko zimachepa ndipo ololedwa amachepanso, mpaka kumalo a akazi kumene mwamuna wachilendo sankaponda.

A Rajput anatenga za a Mughal, inde, koma a Mughal anatenganso zambiri kwa eni nthaka. Akbar anayamba kumanga linga la Agra mu 1565 ndi mwala wofiira wamchenga, ndipo anaitana amisiri a ku Gujarat, Bengal ndi madera ena. Mukalowa m'nyumba yotchedwa Jahangiri Mahal muona kuti denga lagona pa mitanda yamwala yochirikizidwa ndi zogwiriziza zosemedwa, monga zinalili m'nyumba za mafumu a Chihindu, makamaka ya Man Singh Tomar ku Gwalior imene Babur mwini anaiona naisirira. Ku Fatehpur Sikri, makilomita pafupifupi 40 kuchokera ku Agra, mumaona zimenezi paliponse. Mzindawu Akbar anaumanga kuyambira mu 1571 polemekeza Salim Chishti, munthu wopemphera amene analosera kuti mfumu idzabala mwana wamwamuna. Mu 1575 anamangamo nyumba yokambiramo zachipembedzo, kumene m'kupita kwa nthawi kunkakhala Asilamu, Ahindu, a Jain, a Parsi ndi ansembe a Chikatolika ochokera ku Goa. Chipata chachikulu cha mzikiti, Buland Darwaza, chimakumbutsa kugonjetsedwa kwa Gujarat, kwawo kwa makolo a amwenye ambiri amene timakhala nawo kuno ku Malawi. Mu 1585 Akbar anasamukira ku Lahore, ndipo mzinda unatsala pafupifupi wopanda anthu. N'chifukwa chake nyumba zake zasungika bwino chotere.

Lembani mawu atatu awa, chifukwa mudzawamva pa malo alionse. Chhatri ndi kanyumba kopanda makoma, ka denga lobulungira lokhala pa mizati, kamene amaika pamwamba pa nyumba kapena pamalo pamene anatenthera mtembo wa mfumu. Jharokha ndi kakhonde kotulukira kunja kwa khoma la m'mwamba. Jali ndi mwala wosemedwa mabowo okongola kuti mphepo ndi kuwala zizilowa. Zitatuzi mudzazipeza ku Jodhpur ndi ku Udaipur, mudzazipezanso ku Agra ndi ku Delhi. Akbar anatengeranso mwambo wa mafumu a Chihindu woonekera kwa anthu m'mawa uliwonse ali pa jharokha, kuti onse adziwe kuti mfumu yadzuka bwino.

Taj Mahal ndiyo imene aliyense amaidziwa, choncho sindichedwapo. Mumtaz Mahal, mkazi wa Shah Jahan, anamwalira pobereka mu 1631, ntchito yomanga manda ake inayamba mu 1632, ndipo zonse zinatha cha m'ma 1653. Zimene ambiri sadziwa ndi izi. Malo amene mandawo anamangidwapo anali a Raja Jai Singh wa ku Amber, ndipo Shah Jahan anamupatsa nyumba zina mu Agra posinthanitsa. Mwala woyera wa mabo unachokera ku Makrana ku Rajasthan, mtunda wa makilomita oposa 300, pa ngolo zokokedwa ndi ng'ombe, ndipo makalata a mfumu olamula Jai Singh kuti afulumizitse miyalayo alipobe. Pambali pa denga lalikulu lija pali ma chhatri anayi. Munda wogawidwa panayi ndi wochokera ku Persia, mavesi a pamakoma ndi a m'Korani, koma manja amene anasema ndi mwala umene anasemapo, zambiri zinali za komweko.

Chimodzimodzinso mbali inayo. Mu 1590 Man Singh anamanga kachisi wa Govind Dev ku Vrindavan, wopembedzeramo Krishna, ndi mwala wofiira womwewo wa nyumba za Akbar, ndipo denga lake la mkati linapindidwa mwa luso limene amisiri ankagwiritsa ntchito pa nyumba za a Mughal.

Sindikufuna mutuluke muno mukuganiza kuti zonse zinali mtendere ndi maukwati. Mu 1658 Aurangzeb analanda ufumu, natsekera bambo ake Shah Jahan m'linga la Agra mpaka anamwalira mu 1666. Mu 1669 analamula kuti kachisi wa Vishwanath ku Varanasi agwetsedwe, mu 1670 wa Keshavdev ku Mathura, ndipo mu 1679 anabwezeretsa msonkho wa jizya. Ansembe a ku dera la Mathura anathawitsa mafano awo kupita nawo kwa mafumu a Rajput. N'chifukwa chake Shrinathji ali ku Nathdwara ku Mewar kuyambira 1672, ndipo Govind Dev lero amapembedzedwa m'kati mwa nyumba yachifumu ya Jaipur, pomwe kachisi wake wa ku Vrindavan anatsala wogumuka pamwamba. Mabala amenewa sanapole ku India, ndipo andale amawatokosa mpaka lero. Wophunzira woona mtima amanena zonse ziwiri, za Akbar wa Chittorgarh ndi za Akbar wa Fatehpur Sikri, popeza anali munthu mmodzi.

Aurangzeb atamwalira mu 1707 mphamvu za a Mughal zinayamba kutha, ndipo mu 1727 Sawai Jai Singh anachita chinthu chimene makolo ake sakanayerekeza: anatsika m'phiri la Amber, kumene madzi ndi malo zinali zitachepa, n'kumanga Jaipur pachigwa, mzinda wa misewu yotakata yowongoka. Munthuyu ankakonda masamu ndi nyenyezi. Pa Jantar Mantar anamanga zipangizo zamwala zoyezera kayendedwe ka dzuwa ndi nyenyezi, ndipo chachikulu mwa izo, chotalika mamita 27, chimaonetsa nthawi ndi chithunzithunzi cha dzuwa. Hawa Mahal, imene mumaiona pazithunzi zambiri, inamangidwa mu 1799, ndipo ili ndi timazenera 953. Ntchito ya timazenerato inali yoti akazi a kunyumba yachifumu aziona zochitika mumsewu iwo osaonedwa. Jali ndi yokongola, ndipo imaziziritsadi nyumba, koma mukaima kumbuyo kwake muzikumbukira kuti kunali anthu amene dziko ankalionera pa timabowo timeneto moyo wawo wonse. Ku Mehrangarh, linga la Jodhpur limene Rao Jodha anayamba mu 1459, pambali pa chipata cha Loha Pol pali zidindo za zikhatho za akazi a mfumu amene anatuluka kukapsa pamodzi ndi mtembo wa mwamuna wawo mu 1843.

Akachisi okongola koposa m'chigawochi sanamangidwe ndi mafumu. Anamanga ndi amalonda ndi nduna za chipembedzo cha Jain, anthu amene lamulo lawo lalikulu ndi kusapha chamoyo chilichonse. Ku Ranakpur, m'chigwa cha mapiri a Aravalli, wamalonda Dharna Shah anamanga kachisi wa mabo m'masiku a Rana Kumbha, ndipo amati mizati yake ndi 1,444, uliwonse wosemedwa mosiyana ndi unzake. Ku Dilwara paphiri la Abu, kachisi woyamba ndi wa 1031 ndipo wachiwiri ndi wa 1230. Mwala wa kudenga anausema mpaka unapyapyala moti kuwala kumaoneka ngati kukudutsamo. Mfumu yankhondo inkafuna ndalama za wamalonda, wamalonda ankafuna misewu yotetezeka, ndipo n'chifukwa chake m'kati mwa Chittorgarh, Kumbhalgarh ndi Jaisalmer mumapezamo akachisi a Jain pafupi ndi a Chihindu.

Malo amenewa ambiri anthu akupembedzeramobe, choncho mlendo amalowa ngati mlendo. Nsapato zimatsala pakhomo, pa kachisi ngakhale pa mzikiti. Mapewa ndi maondo zimafundidwa. Kwa a Jain salola chilichonse chachikopa, ngakhale lamba kapena chikwama cha ndalama. Taj Mahal satsegulira alendo Lachisanu chifukwa cha mapemphero a mumzikiti wake. Nyengo yabwino yoyendera ndi kuyambira Okutobala mpaka Malichi, popeza mu Meyi kutentha kumapitirira madigiri 45, kuposa kumene anthu a ku Nsanje amakudziwa mu Okutobala. Ku Amber alendo ena amakwera njovu kupita kumtunda, koma nyamazo zimavutika ndi katundu ndi mwala wotentha, ndipo msewuwo munthu amatha kuukwera wapansi bwinobwino.

Mu 2013 bungwe la UNESCO linaika malinga asanu ndi limodzi a ku Rajasthan pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi: Chittorgarh, Kumbhalgarh, Ranthambore, Gagron, Amber ndi Jaisalmer. La Jaisalmer, limene Rawal Jaisal anayamba mu 1156 ndi mwala wachikasu, likadali mzinda wamoyo: anthu masauzande angapo akukhalamobe, ndipo muli masitolo ndi nyumba zogona alendo. Linamangidwira anthu otunga madzi ndi mitsuko. Lero madzi amabwera m'mapaipi, ochuluka kuposa amene ngalande zakale zingatulutse, ndipo amalowa pansi n'kufewetsa dothi la phirilo, moti zigawo zina za khoma zinagumuka kale. Akatswiri osamalira zakale akhala akukonza ngalande ndi kulimbitsa makoma, ndipo ena amalangiza alendo kuti azigona kunja kwa linga, azingolowamo masana.

Lachinayi aliyense abwere atajambula mapu a Rajasthan m'kope lake, ataikapo malinga asanu ndi limodziwa pamodzi ndi Agra ndi Delhi. Musankhe linga limodzi, mulembe tsamba limodzi loyankha mafunso atatu aja: la chipata, la madzi ndi la pokhala mfumu.